M'mimba mwa Nsomba Muli Mbiri ya Nyanja

Amayi ambiri m'Zambia muno aidziwa bwino nsomba ija yofika m'makatoni, youma gwaa ndi kuzizira kwa m'firiji, ya mzere wa mamba olimba m'nthiti mwake. Azungu amaicha horse mackerel, ndipo anansi athu a ku Mozambique amati karapau. Nsombayi siicokera ku Kariba, ku Mpulungu kapena ku Luangwa ai. Yambiri imagwidwa m'nyanja ya mcere ya Atlantic, kufupi ndi gombe la Namibia, ndi kutsitsidwa pa doko la Walvis Bay. Mwezi uno tifuna kukutengani, inu awerengi athu, kuti mukaone malowo monga tinawaonera ife, ndiponso kuti mumve funso limene anthu ophunzira a kumeneko akhala ali kulifunsa kwa zaka zambiri: kodi nsomba imene ife timadya, iyo imadya ciani? Funsoli lioneka ngati la ana, komatu pa yankho lake pagona ndiwo za mabanja ambiri.

Njira ya ku nyanja

Kucokera ku Lusaka kufika ku Walvis Bay pali mtunda wa makilomita pafupi-fupi 2,000. Msewu umadzera ku Livingstone ndi ku Sesheke, nuoloka Zambezi pa mlatho wa ku Katima Mulilo umene unatsegulidwa mu 2004. Kucoka apo umapyola Rundu, Grootfontein, Otjiwarongo ndi Usakos. M'njira monsemo tinali kupatukirana ndi malole a mafiriji olunjika kwathu kuno ndi ku Congo, pamene onyamula mkuwa anali kutsikira kumene ife tinali kupita.

Titapitirira Usakos dziko linayamba kusintha. Mitengo inafupika, kenaka inasowa, udzu unatha, panatsala miyala ndi mcenga wokha-wokha kufikira kumene maso alekezera. Ici ndi cipululu ca Namib. Munthu wa kwathu amayembekeza kuti kumene kuli madzi ambiri ndiko kuli msipu, koma kuno mcenga umatsikira m'nyanja mweni-mweni, popanda bango kapena mtengo pakati. Ku Walvis Bay mvula ya caka conse siikwana mamilimita 20, pamene ku Chipata imafika 1,000. Cimene cimanyowetsa dziko ndi nkhungu ya m'mamawa, yozizira ngati ya mwezi wa June, ndipo tinafulumira kufuna majuzi m'zikwama.

Tauni ya Walvis Bay inakhalabe m'manja mwa South Africa ngakhale Namibia italandira ufulu mu 1990, ndipo inabwezedwa mu 1994. Ndi tauni ya nchito. M'mbali mwa doko mwandandana mafakitale a nsomba, ndipo m'mamawa anchito ovala majombo oyera amatuluka m'komboni ya Kuisebmond, ambiri a iwo ocokera kumpoto kwa dzikolo. Kumapeto kwa tauni kuli thamanda lalikulu la madzi osaya, kumene mavuwo ndi mbalame za miyendo yaitali zochedwa flamingo zimadya m'matope tsiku lonse. Mlendo aliyense amadzifunsa: nanga dziko louma cotere linapeza bwanji nyanja yolemera cotere?

Munda wa m'madzi

Cinsinsi ca gombeli cili m'mphepo. Pafupi-fupi caka conse mphepo yamphamvu imaomba kucokera kummwera, nikankhira madzi a pamwamba kutali ndi gombe. M'malo mwake mumakwera madzi ozizira a pansi pa nyanja, odzaza ndi manyowa a zonse zimene zinafa ndi kuolera pansipo. Zili monga mlimi akatembenuza nthaka ndi khasu, nabweretsa conde pamwamba. Madzi amenewa, oyenda kulowera kumpoto, amachedwa Benguela, ndipo kukwera kwake n'kwamphamvu koposa kufupi ndi tauni ya Lüderitz. Kuzizira kwa madziwo ndiko kumaletsa mitambo ya mvula kupangika. Motero cimene cinasaukitsa mtunda ndi comweco cinalemeretsa nyanja.

Manyowa aja akakumana ndi dzuwa pamamera tizomera tosaoneka ndi maso, tonga ndere, tambiri-mbiri kotero kuti madzi amasanduka obiriwira. Uwu ndiwo munda wa m'nyanja. Tizomerato timadyedwa ndi tizilombo toyandama, tina tating'ono ngati nsabwe, tina tonga tinkhanu towonda, tochedwa krill. Tizilomboto timadyedwa ndi nsomba zazing'ono zoyenda m'magulu, makamaka sardine, ija timaipeza m'zitini za supu wa matimati, ndi inzake yochedwa anchovy. Sardine ili ndi luso lina lakuti imatha kusefa madzi ndi kudya tizomera tomweto. Pamwamba pa izi pali nsomba zolusa monga hake, ya mnofu woyera imene imagulitsidwa kwambiri ku Spain, kudzanso mbalame za m'nyanja ndi nyama zochedwa seal, zofanana ndi katumbu koma zazikulu kopambana.

Akatswiri amati pa makilogalamu 10 alionse a cakudya cimene colengedwa cidya, pafupi-fupi kilogalamu 1 yokha ndiyo imasanduka thupi lake. Zotsalazo zimathera m'kusambira, m'kupuma ndi m'zotuluka m'thupi. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Kilogalamu 1 ya hake yaikulu ifuna makilogalamu 10 a nsomba zazing'ono. Izo zifuna makilogalamu 100 a tizilombo. Tizilomboto tifuna makilogalamu 1,000 a tizomera. Ndiponso tisaganize kuti kadyedwe aka ndi makwerero oongoka. Kali ngati ukonde wa mfundo zambiri. Hake yaikulu imadya hake yaing'ono. Sardine imameza mazira a nsomba zimene zikakula zidzadya sardine. Munthu akadula mfundo imodzi, sadziwa kumene ukonde udzang'ambikira.

Anthu otumbula nsomba

Makilomita 30 kumpoto kwa Walvis Bay kuli Swakopmund, tauni ya nyumba za kamangidwe ka Ajeremani. M'mphepete mwa nyanja muli likulu la boma lofufuza za m'nyanja, lodziwika ndi dzina lakuti NatMIRC. Nchito ina ya ofufuzawa munthu angaiyese yonyozeka, pakuti ndi yomwe mayi aliyense amacita asanaike nsomba mumphika, ndiyo kutumbula. Kusiyana kwake n'kwakuti mayi amataya za m'mimbazo, pamene kwa ofufuza ndi kalata yoyenera kuiwerenga mosamala.

Nchitoyi imayambira m'zombo zofufuzira, monga Dr Fridtjof Nansen ca ku Norway, cimene cinayamba kuyeza nsomba za m'madzi a Namibia mu 1990, ndi Mirabilis, cimene boma la Namibia linalandira mu 2012. Ukonde ukakwera, amasankha nsomba za misinkhu yosiyana-siyana, naziyeza utali ndi kulemera, nalemba malo, kuya kwa madzi ndi ora limene zagwidwa. Pamenepo amang'amba cifu ca nsomba iliyonse, nalekanitsa zimene zili m'katimo, naziwerenga ndi kuziika pa sikelo. Kawiri-kawiri cakudyaco cimakhala citagayika kale ngati phala. Apa amathandizidwa ndi timiyala toyera timene timakhala m'mutu mwa nsomba, m'kati mwa makutu ake. Timiyalati sitigayika msanga. Mtundu uliwonse wa nsomba uli ndi timiyala ta maonekedwe ake-ake, ndipo kukula kwa kamwala kumaonetsa msinkhu wa nsomba imene inamezedwa.

Zovuta zilipo. Hake yokokedwa mofulumira kucokera pansi pakuya nthawi zambiri imasanza, cifukwa mpweya wa m'thupi mwake umafufuma, ndipo cifu cimafika pamwamba cilibe kanthu. Zakudya zofewa zimasungunuka osasiya cizindikiro. Pa cifukwa ici ofufuza a masiku ano amapimanso mnofu wa nsomba, umene umasunga zizindikiro za cakudya ca miyezi yapita, ndiponso amafufuza DNA ya zotsalira m'cifu. Cifu cimodzi cimangonena za cakudya ca tsiku limodzi. Koma zifu zikwi-zikwi, zolembedwa caka ndi caka, zimanena mbiri ya nyanja yonse. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zolembazi sizisungidwa ku Namibia kokha. Mu nkhokwe ya pa kompyuta yochedwa FishBase, imene Rainer Froese ndi Daniel Pauly anaiyambitsa, muli mbiri ya mitundu ya nsomba yoposa 30,000, ndipo pa yambiri ya iyo analembanso zimene imadya. Kucokera m'ziwerengero zotere akatswiri amawerengetsa zimene zingacitikire mbalame, seal ndi nsomba zina ngati asodzi acotsa matani akuti-akuti a mtundu umodzi. Za karapau wathu zolembazo zimati akali wamng'ono amadya tizilombo tonga nsabwe tija, ndipo akakula amadalira krill, pamodzi ndi tinsomba ta pakati pa madzi. Iye mwini amadyedwa ndi hake ndi seal.

Mmene sardine inathera

Kale sardine ndiyo inali mzati wa nyanja imeneyi. Inkadya za pansi, nidyetsa za pamwamba. Mafakitale a ku Walvis Bay anamangidwa cifukwa ca iyo: ina ankaiika m'zitini, yambiri ankaigaya kuti ikhale ufa wodyetsa ziweto. M'zaka za m'ma 1960 kunabweranso zombo zikulu-zikulu zokhala ndi mafakitale m'kati mwake. Mu 1968 mokha anagwira matani pafupi-fupi 1,400,000. Panthawi yomweyo zombo za maiko akutali, monga Soviet Union ndi Spain, zinali kukokolola hake, ndipo mu 1972 zinacotsa matani oposa 800,000. Dziko linali lisanalandire ufulu, ndipo panalibe mwini woti aletse. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 sardine inali itagwa, mafakitale ambiri anatsekedwa, ndipo anchito anabwerera kwao manja lende.

Mu 1990 boma latsopano linalengeza kuti madzi onse kufikira mamailo a panyanja 200 kucokera ku gombe ndi a Namibia, ndipo linathamangitsa zombo zakuba. Anthu anayembekeza kuti nsomba zikapumula zidzabwerera. Hake inabwererako pang'ono. Sardine siinabwerere monga kale. Mu 2018 boma linaletseratu kuigwira kwa zaka 3, ndipo zitatha zakazo ciletso cinapitirizidwa. Madzi akatayika saoleka.

Nanga munda uja wa tizomera unadyedwa ndi yani, mwini wake atacoka? Mbali ina inayamba kungofa ndi kumira, niolera pansi pa nyanja. Matope a pansipo alibe mpweya wabwino, ndipo nthawi zina amatulutsa mpweya wapoizoni wonunkha ngati mazira oola. Pamenepo madzi a kugombe amayera ngati mkaka, nsomba zimafa, ndipo nkhanu za m'nyanja zimathawira kumtunda. Izi zinkacitika ndi kale lomwe, koma akatswiri ena amaganiza kuti kusowa kwa sardine kunazionjezera. Mbali ina ya cakudya inapita kwa zolengedwa zochedwa jellyfish, zooneka ngati bowa woyandama, zolendewera zingwe zoluma ngati citedze. Lipoti la mu 2006 linayerekeza kuti m'madzi a Namibia munali matani mamiliyoni 12 a jellyfish, pamene nsomba zinali matani osakwana mamiliyoni 4. Thupi la jellyfish ndi madzi okha-okha, ndipo munthu wa kuno sangaikepo mphika. Coipa cina n'cakuti zimadya mazira ndi ana a nsomba, motero zimachinga njira yakuti sardine ibwerere.

Umboni wa ku Cape Cross

Kucokera ku Swakopmund tinayenda makilomita oposa 100 kumpoto, pa msewu wopangidwa ndi mcere ndi dothi, mpaka ku Cape Cross. Malowa anatenga dzina ku mwala wa mtanda umene Mpwitikizi wina, Diogo Cão, anaimika ca mu 1486. Ajeremani anautenga mu 1893, ndipo unabwezedwa ku Namibia mu 2019. Imene yaima pagombepo ndi yongofanizira. Koma mlendo asanaone mtanda amayamba wamva fungo ndi phokoso. Pa nyengo yoberekana, m'miyezi ya November ndi December, pamiyalapo pamasonkhana seal zoposa 100,000, zolira ngati khola la mbuzi ndi nkhosa losaoneka malire. Ankhandwe amazungulira m'mbali kufuna ana ofooka.

Pamalo onga awa ofufuza amacita nchito imene ambiri a ife tingaikane. Amatola ndowe za seal, nazitsuka pa sefa, kuti apeze timiyala ta m'makutu tija. Seal imasodza tsiku ndi tsiku, ndipo imafika kumene combo sicifika, motero ndowe zake zimaulula nsomba zimene zilipo m'nyanja mwezi umenewo. Pa kuculuka kwa timiyala ta hake zazing'ono, ofufuza amatha kudziwiratu ngati mbadwo wa caka cimeneco ndi waukulu kapena waung'ono, zaka zingapo usanafike m'maukonde a asodzi. Pa zisumbu za kummwera, monga Mercury, Ichaboe ndi Possession, amaonanso zimene mbalame zimabweretsera anapiye ake.

Umboni wonsewu umanena cinthu cimodzi. Kumene kale kunali sardine, tsopano kumapezeka kansomba kena konyozeka kochedwa goby. Kamakhutitsa mimba, koma kalibe mafuta ambiri onga a sardine. Zili ngati mwana woleredwa ndi phala lamadzi-madzi: amagona atakhuta, koma sakula. Mbalame zochedwa gannet, zimene zimagwa m'madzi ngati mkondo pogwira nsomba, zinacepa pa zisumbu za Namibia ndi magawo oposa 8 mwa 10 pakati pa zaka za m'ma 1950 ndi ciyambi ca zaka za m'ma 2000. Mbalame zosauluka zochedwa penguin zinacepanso kwambiri, ndipo mu 2024 bungwe la IUCN linaika penguin ya mu Africa pa mndandanda wa zolengedwa zotsala pang'ono kutheratu. Mu 1994, madzi opanda mpweya atafalikira ndi kubalalitsa nsomba, seal zikwi zambiri zinafa ndi njala pagombe lomweli.

Kansomba ka m'matope

Komabe nkhani ya goby ili ndi mbali yodabwitsa, ndipo inadziwika cifukwa ca kufufuza zakudya komweku. Kansombaka, kotalika ngati cala ca munthu wamkulu kapena kupitirira pang'ono, kali ndi tindevu pansi pa cibwano. Anthu anali kudabwa kuti kakuculuka bwanji pamene kakudyedwa ndi hake, karapau, seal ndi mbalame. Mu 2010 gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Anne Christine Utne-Palm wa ku Bergen, ku Norway, linafalitsa yankho m'magazini ya Science. Masana goby imagona pa matope opanda mpweya aja, kumene adani ake sangapirire, nidya za m'matopemo. Usiku imakwera kukapuma m'madzi abwino, nibisala pakati pa zingwe zoluma za jellyfish, zimene nsomba zolusa zimaziopa. Ndipo popima mnofu wake anapeza kuti imadyanso jellyfish zomwezo, nthawi zina kufika pa 60 mwa 100 ya cakudya cake.

Taonani tanthauzo lake. Cakudya cimene cinkaoneka ngati catayika, m'matope ndi m'matupi a jellyfish, kansombaka kamacibweza m'ukonde wa zamoyo. Goby imadya zimene palibe wina angadye, hake imadya goby, ndipo munthu amadya hake. Palibe msodzi amene amachera ukonde kufuna goby, ndipo pa ziwerengero za malonda siioneka. Tikanangowerenga matani otsitsidwa pa doko, sitikanadziwa kuti cuma ca gombe lonse catsamira pa kansomba ka m'matope.

Nanga ife a kumtunda?

Lero karapau ndiye nsomba yogwidwa kwambiri ku Namibia poyeza kulemera kwake. M'zaka zambiri za pakati pa 2010 ndi 2020 boma linkalola matani oposa 300,000 pa caka. Ndi ndalama zambiri, ndipo pamene pali uci pamatera nchenche: mu 2019 nduna ziwiri za boma la Namibia zinatula pansi udindo pa nkhani ya ziphuphu zokhudza ziphaso zogwirira nsomba yomweyi. Malire a caka ndi caka ayenera kucokera ku zimene ofufuza apeza, ndipo ofufuzawo ayenera kuwerengera gawo la hake, la seal ndi la mbalame, osati la munthu yekha. Sardine nayo inkaoneka ngati yosatha mu 1968. Ngati karapau angatsate njira yomweyo, njala yake siidzathera ku Kuisebmond. Idzafika m'mbale za ku Matero, ku Chimwemwe ndi ku Kapata.

Phunziro lomweli likhudzanso madzi athu. Ku Lake Tanganyika buka-buka amakula ndi kapenta, ndipo wokokolola kapenta wamng'ono akulanda cakudya ca buka-buka wa caka ca mawa. M'madera ambiri a dziko lathu boma limaletsa kusodza kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February, kuti nsomba ziswane. Banja logula nsomba zaziwisi zakuba m'miyezi imeneyo, kapena tinsomba togwidwa ndi neti ya udzudzu, likudya mbewu yake lomwe.

Tsono, amayi ndi abambo, tsiku lina potumbula nsomba yathunthu muitane ana asendere pafupi. Ng'ambani cifu, muwaonetse zimene zili m'katimo. Nsomba ikapsa, phwanyani mutu mosamala, mufune timiyala toyera tobisika kumbuyo kwa maso, ndipo muwauze kuti kuli anthu amene nchito yao ya moyo wonse ndi kuwerenga timiyala totero. Mwina pakati pa anawo pali mmodzi amene adzacita nchito imeneyi ku Mpulungu, ku Samfya kapena ku Siavonga, kumene ikufunika kwambiri.